Mafunso a Awerengi: Mbalame, Njuchi ndi Akadzidzi Pakhomo Pathu

Makalata amene tasankha mwezi uno onse akukhudza zamoyo zakutchire zimene zimabwera, kapena zimene zinaleka kubwera, pakhomo ndi padimba. Ena akufuna kuziitana, ena akuchita nazo mantha, ndipo tayankha aliyense malinga ndi malo amene akukhala.

Alangizi, tinamaliza kumanga nyumba yathu ku Area 49 mu mzinda wa Lilongwe chaka chatha. Omanga anadula mitengo yonse imene inali pa puloti, ndipo pano pabwalo pangotsala njerwa, simenti ndi kapinga pang'ono. Ine ndinakulira ku Ntchisi kumene tinkadzutsidwa ndi apumbwa ndi njiwa, koma ana anga kuno amangodziwa khwangwala. Ndiyambire pati kuti mbalame zibwere? (Mayi wa ana atatu, Lilongwe)

Mayi, yambani ndi madzi, chifukwa mtengo umatenga zaka kuti ukule pamene madzi mukhoza kuika lero lomwe. Kuyambira mwezi wa Ogasiti mpaka mvula yoyamba ya mu Novembala, zithaphwi ndi timitsinje tambiri timakhala titaphwa, ndipo mbalame zimauluka mtunda wautali kufunafuna pomwa ndi posamba. Tengani phale la mtsuko wosweka kapena mbale yakale yotakata, muthiremo madzi osapitirira masentimita 5 kuya kwake, ndipo muikemo miyala iwiri kapena itatu imene nsonga zake zizionekera pamwamba pa madziwo. Miyalayo ndi yoti timbalame ting'onoting'ono monga atimba tizipeza potera, ndiponso kuti njuchi zizimwa osamira. Phalelo muliike pamthunzi, pamwamba pa chitsa kapena pa njerwa zosanjikiza, moyandikana ndi kamtengo kamene mbalame zingathawireko kabawi akatulukira, koma osati pakati pa zitsamba zowirira momwe mphaka angabisale. Kawirikawiri apumbwa ndiwo amayamba kufika, popeza sachita manyazi ndi anthu, ndipo mbalame zina zimatsatira zikaona kuti pamalopo palibe choopsa.

Nkhani ya mitengo ndi imene ikufunika kuganizira mofatsa. Anthu ambiri a m'tauni amadzala maluwa ochokera kunja amene amakongola m'maso koma sabereka chipatso kapena kukhala ndi timadzi toti mbalame ndi tizilombo tidye. Mitengo yathu yachilengedwe ndi imene zamoyo za kuno zinazolowera. Muwale umatulutsa maluwa ofiira m'chilimwe usanaphukire masamba, nthawi imene chakudya chimasowa, ndipo achoso, mbalame zing'onozing'ono zomwa timadzi ta m'maluwa, sachokapo. Ubwino wake wina ndi wakuti umamera ngakhale mutangozika nthambi yaikulu pansi. Nthudza ndi mpoza sizikula mopitirira muyeso, choncho zimakwana pa puloti ya m'tauni, ndipo zipatso zake mudzagawana ndi mbalame. Katope amakonda malo achinyontho. Ngati mukufuna zofulumira pamene mitengo imeneyi ikukula, dzalani mabulosi, mapapaya, mpendadzuwa ndi nandolo m'mbali mwa mpanda. Nandolo ndimamuyamikira kwambiri chifukwa maluwa ake amakoka njuchi, masamba ake amawonjezera chonde, ndipo pamapeto pake banja limapeza ndiwo.

Mkuyu ndi kachere ndi mitengo imene imadyetsa zamoyo zambiri zedi. Nkhuyu zikapsa, masana pamadzaza mbalame ndipo usiku pamabwera mileme. Tizilombo timene mumapeza mukang'amba nkhuyu, tija timatchulidwa m'mwambi wa chikomekome, tambiri mwa ito ndi timavu ting'onoting'ono timene timalowera pa kabowo ka kunsonga n'kunyamula mungu, pakuti maluwa a mkuyu amakhala m'kati mwa chipatsocho. Komabe sindingakulangizeni kudzala mitengo iwiriyi pa puloti yanu. Mizu yake imayenda patali kufuna madzi, ndipo imang'amba maziko a nyumba, mapaipi ndi dzenje la chimbudzi chamadzi. Malo ake ndi kumunda, kusukulu kapena kutchalitchi kumene kuli bwalo lalikulu. Lantana, chitsamba chochokera kunja cha timaluwa ta mitundumitundu, nayenso musamulole ngakhale agulugufe amamukonda, chifukwa mbalame zimamwaza njere zake paliponse, amapha zomera zina, ndipo masamba ake amadwalitsa ng'ombe.

Chinthu chachitatu n'chovuta kwa ife Amalawi, chifukwa chikukhudza tsache. Tinaleredwa kuti pakhomo pa munthu waulemu pamasesedwa m'mawa uliwonse mpaka dothi kuwala, ndipo zinyalala zimatenthedwa. Mwambo umenewu uli ndi zifukwa zake zomveka, ndipo pafupi ndi nyumba pitirizani kusesa. Koma sankhani ngodya imodzi yakutali ndi khomo, ngakhale ya mamita awiri mbali zonse, kumene masamba ouma, udzu womweta ndi tinthambi muzikaunjika osatentha. Pakapita mvula imodzi, mukafukula ndi khasu mudzapeza dothi lakuda lonunkhira bwino, nyongolotsi, mphutsi ndi tizilombo tambirimbiri. Chimenecho ndicho chakudya chenicheni cha mbalame, chifukwa ngakhale zambiri mwa zija zodya njere zimadyetsa ana ake tizilombo ndi mbozi. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, choncho kumbani maenje mu Novembala ndipo mudzale mvula ikakhazikika. Za mbande za mitengo yachilengedwe mukhoza kufunsa ku ofesi ya zankhalango ya m'boma lanu kapena ku bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene lakhala likugwira ntchito imeneyi kuyambira m'chaka cha 1947.

Alangizi, amuna anga akukana kuti ndiike madzi a mbalame pabwalo ponena kuti ndikuweta udzudzu. Mwana wathu anadwalapo malungo kawiri chaka chino. Kodi akunena zoona? (Mayi wa ku Salima)

Mayi, nkhawa ya bambo a kunyumbawo ndi yomveka, makamaka kwanu kunyanja kumene kumatentha. Udzudzu umaikira mazira m'madzi odikha, ndipo kumalo otentha umatha sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono kuchokera pa dzira kufika pouluka. Choncho ngati mutaya madziwo pakatha masiku awiri alionse, n'kutsuka phalelo ndi chikolopa kapena mchenga musanathire ena, palibe udzudzu umene ungakulemo. Amene sangathe kusunga lamulo limeneli ndi bwino asaike madzi n'komwe. Koma muyenderenso pakhomo ponse pamodzi ndi bambowo, chifukwa malo oswera udzudzu amakhala ena: maenje otsala poumba njerwa, zithaphwi za pamjigo, matayala akale, zitini ndi migolo yosavindikira. Mudzamva ena akunena kuti achule, mileme ndi atombolombo amatha udzudzu. N'zoona kuti amadya, koma sangathetse malungo, ndiye banja lonse lipitirize kugona m'neti usiku uliwonse.

Alangizi, ndili ndi dimba la tomato, mpiru ndi maungu. Ndimapopera mankhwala sabata iliyonse kuti tizilombo tisayambe n'komwe. Masamba akuoneka bwino, koma maungu akungoyoyoka akadali aang'ono ngati dzira. Chalakwika n'chiyani? (Bambo wa ku Mponela, Dowa)

Bambo, dzukani m'mamawa dzuwa likungotuluka mukaime pakati pa maunguwo kwa mphindi zingapo. Ngati simukumva kulira kwa njuchi, yankho mwalipeza. Chomera cha dzungu chimatulutsa maluwa a mitundu iwiri. Duwa lachimuna limakhala pa kaphesi kowonda ndipo limangokhala ndi mungu, pamene lachikazi limakhala ndi kamwana ka dzungu kunsi kwake. Duwa lililonse limatseguka m'mawa umodzi wokha, ndipo pofika masana limakhala litafota. Ngati m'maola ochepa amenewo njuchi siinatenge mungu ku duwa lachimuna n'kufika nawo ku lachikazi, kadzungu kaja kamachita chikasu n'kugwa. Maluwa achimuna kuyoyoka si vuto, popeza ntchito yake imakhala itatha. Onetsetsaninso pa timaungu togwato: ngati pali kabowo ndipo m'kati muli mphutsi, ndiye kuti talumidwa ndi ntchentche za zipatso, ndipo toteroto mutole n'kukwirira m'dzenje lakuya.

Kupopera motsatira kalendala, tizilombo tisanaoneke, kumawononga ndalama ndi dimba lomwe. Mankhwala monga cypermethrin, amene amagulitsidwa m'magolosale ambiri a zaulimi, sasankha chopha. Amapha njuchi, amapha nsomba akalowa mumtsinje, ndipo amaphanso ziswamphika, akangaude, mavu ndi tizilombo tofiira ta madontho akuda tija timene chakudya chake ndi nsabwe za m'masamba. Vuto lake ndi lakuti nsabwe ndi mbozi zimaswana mofulumira kuposa adani ake, choncho mukapha zonse pamodzi, zowononga ndizo zimayamba kubwerera, ndipo zimapeza dimba lopanda mlonda. Mlimi amaona ngati mankhwala achepa mphamvu, amawonjezera muyeso, ndipo zinthu zimaipiraipira.

Yenderani mbewu zanu kawiri pa sabata, mukutembenuza masamba, ndipo mupopere pokhapokha mwaona kuti tizilombo tachuluka, pa mbewu zokhazo zimene zagwidwa. Nthawi yabwino ndi madzulo njuchi zitabwerera kumng'oma, ndipo mbewu imene ili ndi maluwa musaipopere. Nsabwe zochepa zimatha ndi madzi a sopo, ndipo masamba a nimu osinja n'kunyika usiku wonse amathandiza pa mbozi zing'onozing'ono. Ombwe, chitsamba chimene masamba ake amapheranso tizilombo ta m'mbewu, ndi wamphamvu, koma kumbukirani kuti makolo athu ankaphera nsomba, choncho zotsalira zake zisatayidwe m'dambo. Siyaninso mzere umodzi wa mpiru kuti uchite maluwa, pakuti timaluwa take tachikasu timakoka njuchi ndi mavu, ndipo mudzapezanso mbewu ya chaka chamawa. Mukaona njuchi zikuluzikulu zakuda zimene zimaboola nsichi ndi mitengo youma, musaziphe. Zisiyireni chipika chouma kumapeto kwa dimba. Pamene mukudikira kuti njuchi zibwerere, thothani duwa lachimuna m'mawa, muchotse masamba ake achikasu, ndipo kamtima ka mungu kotsalako mukakhudzitse pakati pa duwa lachikazi. Duwa limodzi lachimuna limakwanira maluwa achikazi awiri kapena atatu.

Alangizi, kadzidzi wamanga m'denga la nyumba yathu ndipo amalira usiku uliwonse. Agogo akuti ndi malodza ndipo akulamula kuti aphedwe maliro asanagwe pakhomo. Ine ndine mphunzitsi ndipo sindikufuna kumupha, koma sindikufunanso kunyoza agogo. Nditani? (Mphunzitsi wa ku Chiradzulu)

Aphunzitsi, mwachita bwino kusafuna kukangana ndi agogo, chifukwa mantha a kadzidzi ndi akale kwambiri ndipo sachoka ndi mawu okha. Chimene chingathandize ndi kuwaonetsa chinthu chogwirika. Pitani pansi pa malo amene kadzidziyo amatera, ndipo mudzapeza timibulu takuda kapena totuwa, totalika ngati chala chachikulu. Timeneti si ndowe. Kadzidzi amameza khoswe wathunthu, ndipo ubweya ndi mafupa zimene sangagaye amazilavula zitaumbika pamodzi. Tengani kamodzi kouma, mukaphwanye ndi kamtengo pamaso pa agogo. M'kati mudzapeza tizigaza ta makoswe ndi mbewa, mano ake achikasu akadali pomwepo, pamodzi ndi timafupa ta miyendo. Mayi aliyense amene anaonapo chimanga cha m'nkhokwe chitasanduka gaga chifukwa cha makoswe amamvetsa msanga tanthauzo la zimenezi. Banja limodzi la akadzidzi limene likulera ana limadya makoswe ndi mbewa mazanamazana pa chaka.

Kadzidzi amene amakonda madenga a nyumba, matchalitchi ndi masukulu ndi uja wa nkhope yoyera, amene salira mwa huu huu koma amakuwa mokhadzula, ndipo ana ake amachita phokoso ngati munthu wopuma movutika akamapempha chakudya. Phokoso limenelo ndilo limaopsa anthu ambiri. Iye sanabwere kudzalosera kanthu. Wabwera chifukwa mitengo ikuluikulu ya mphako imene ankagonamo inatha ndi makala ndi nkhuni, ndipo pakhomo panu pali makoswe okwanira. Ngati maliro anagwapo pa nyumba imene kadzidzi analira, tikumbukire kuti iye amalira usiku uliwonse pa nyumba zambiri zimene sipagwa kanthu, koma usiku woterowo palibe amene amauwerenga.

Kukhala naye m'denga kuli ndi zovuta zake zenizeni, monga fungo ndi zitosi pa siling'i, choncho kumusamutsa si kulakwa. Koma musatseke bowo lolowera panopa ngati muli mazira kapena ana, chifukwa adzafera momwemo. Mazira amatenga pafupifupi mwezi umodzi kuti aswe, ndipo ana amayamba kuuluka pakatha miyezi iwiri kapena kupitirira pang'ono. Pa nthawi yodikirayi, pemphani kalipentala akukhomereni bokosi la matabwa la pafupifupi theka la mita mbali zonse, lokhala ndi khomo la masentimita 15 chakumtunda kwake, ndipo mulipachike pamthunzi mu mtengo wakutali ndi nyumba, mamita anayi kapena kuposa kuchokera pansi. Ana akauluka, tsekani bowo la m'dengalo madzulo akuluakulu atatuluka. Agogo mukhoza kuwauza zoona zokhazokha, kuti mlendoyo akuchoka m'nyumba. Chimene ndikupempheni kwambiri ndi kuleka kuthira tameki kapena mankhwala ena a makoswe, chifukwa khoswe wodya poizoni amayenda mwaulesi, ndiye amagwidwa mosavuta, ndipo kadzidzi, mphaka kapena galu amene wamudya amafanso. Misampha imagwira ntchito yomweyo popanda ngozi imeneyi. Mukapeza mwana wa kadzidzi wovulala musamusunge ngati chiweto. Dziwitsani a nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire kapena a Lilongwe Wildlife Trust, amene amasamalira nyama zovulala ndi zamasiye.

Alangizi, ndinawerengapo malangizo oti tizisiya masamba ndi mitengo youma pakhomo. Kodi kumeneko si kuitana njoka? Ine ndili ndi zidzukulu zimene zimasewera pabwalo. (Agogo a ku Balaka)

Agogo, funso lanu ndi loona, ndipo sindikunamizani. Walira mvula walira matope: pamene pali achule, abuluzi ndi mbewa, tsiku lina padzadutsa njoka. Koma chimene chimaikoka kwambiri si masamba ouma ayi, ndi makoswe amene amatsata madeya otayika, zotsala za nsima ndi khola la nkhuku losasamalika. Pakhomo posesedwa bwino koma podzaza makoswe pamabwera njoka zambiri kuposa pakhomo pa mitengo pamene chakudya chimasungidwa motseka. Choncho gawani malo anu. Kuzungulira nyumba, bafa, chimbudzi ndi posewerera ana pakhale poyera, udzu ukhale womweta, ndipo njira zikhale zolambula. Mulu wa masamba, nkhuni, njerwa ndi malata akale ukhale kumalire, ndipo ana auzidwe kuti kumeneko sapisako dzanja. Tsekani mipata ya pansi pa zitseko, ndipo wotuluka usiku avale nsapato ndi kunyamula tochi, makamaka mvula yoyamba ikagwa.

Njoka zambiri zimene timapha n'zopanda ululu woopsa, ndipo ina yofiirira imene imapezeka m'nyumba ndi m'nkhokwe ntchito yake ndi kudya makoswe. Komabe si nzeru kuti mwana aziyesa kusiyanitsa, ndiye lamulo likhale limodzi: ukaona njoka, bwerera m'mbuyo ukaitane wamkulu. Ziwiri zofunika kusamala nazo kwanu kotenthako ndi mphiri, imene siithawa koma imangokhala duu pa njira mpaka munthu kuiponda, ndi ija yotambasula khosi n'kulavulira ululu m'maso, imene imalowa m'nyumba usiku. Wolavulidwa atsukidwe m'maso ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali kenaka apite kuchipatala. Wolumidwa asamangidwe chingwe, asatemedwe mphini ndipo asayamwidwe pabalapo. Muvuleni mphete ndi zibangili, asayendeyende, ndipo anyamulidwe kupita kuchipatala msanga. Kutentha matayala ndi kuthira oyilo wakutha sikuthamangitsa njoka, kumangoipitsa mpweya ndi dothi. Bilimankhwe, nalimata ndi gulo muwauze ana kuti awaleke, chifukwa alibe ululu ndipo amadya ziwala, ntchentche ndi tizilombo tina.

Alangizi, ndimachita lendi ku Chilomoni ndipo malo anga ndi khonde ndi kabwalo kakang'ono. Eni nyumba salola kudzala mitengo, ndipo anyamata apafupi amalasa mbalame iliyonse ndi malegeni. Kodi pali chimene ndingachite? (Mtsikana wogwira ntchito mu Blantyre)

Chemwali, chilipo, ngakhale ndi chochepa. Dzalani m'matumba a simenti, m'zidebe zobooka ndi m'mabeseni akale, zimene mukhoza kunyamula tsiku losamuka. Mpungabwi, mpiru wosiyidwa kuti uchite maluwa, mpendadzuwa ndi nyemba zoyanga pa chingwe zimakoka njuchi ndi agulugufe, ndipo aloe wa m'chidebe akachita maluwa achoso amamupeza ngakhale pakati pa tauni. Babu la panja muzizimitsa pamene simukulifuna, chifukwa limakoka ndi kutopetsa tizilombo touluka usiku timene timanyamula mungu wa mapapaya ndi mbewu zina. Anamzeze akaumba chisa cha dothi pakhonde musachigwetse. Ikani katoni pansi pake kuti izilandira zitosi, ndipo muwafotokozere eni nyumba kuti chisacho sichiwononga khoma. Mwa anamzeze amene timawaona m'dzinja, mtundu wina umachokera ku Ulaya, umafika cha mu Okutobala n'kubwerera cha mu Epulo, koma umenewo suswa kuno. Oumba zisa pamakonde athu ndi akonkuno.

Za anyamata a malegeni, dziwani kuti phale la madzi limene lili poonekera kumsewu limasanduka msampha, chifukwa mbalame yonyowa siuluka msanga. Liikeni kuseri kwa nyumba. Kuwakalipira sikupindula, ndipo ena mwa iwo amalasa chifukwa kunyumba kulibe ndiwo. Anyamata oterewa amadziwa mayina a mbalame, kalilidwe kake ndi pamene pali zisa kuposa akuluakulu ambiri a m'tauni, choncho muwafunse akuphunzitseni, ndipo mmodzi mumupatse udindo wosintha madzi aja pakatha masiku awiri alionse. M'sukulu zambiri za m'dziko muno muli makalabu a zachilengedwe, ndipo mukhoza kufunsa aphunzitsi a pasukulu yapafupi ngati anyamatawo angalowe nawo.